Mwala m'njira ya ndulu: zimene ndinaphunzira podwazika amayi

Kuchotsa mwala m'njira ya ndulu popanda kung'amba pamimba ndi ntchito ya ola limodzi, kawirikawiri osakwana n'komwe. Madokotala amangoitchula ndi zilembo zinayi, ERCP. Koma munthu wa ku Petauke kapena ku Nyimba kuti akafike pa ola limenelo amayamba wadutsa m'zambiri: miyezi yomwa mankhwala a nthenda imene alibe, makalata a chipatala, msonkhano wa abale, ndi msewu wa Great East, umene kuchokera ku Petauke kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 400. Akabwerako ntchito imakhala isanathe. Ndinadwazika amayi anga nthenda imeneyi kuchokera kumudzi kwathu chakufupi ndi Minga mpaka ku Lusaka ndi kubwerera. Ndine mphunzitsi ku Nyimba, pepala la udokotala ndilibe, choncho zimene zili pano ndi zimene wodwazika amatola ataima pambali pa bedi, pofunsa anamwino ndi powerenga usiku odwala atagona.

1. Chikasu chimachokera kutatu, ndipo chimbudzi ndicho chimaulula

Kwathu munthu akachita maso achikasu aliyense amakhala ndi yankho lake. Wina amati ndi malungo, wina amati chiwindi chapsa ndi kachasu, wina amangoyang'ana kumbali n'kunena kuti izi n'za anthu. Chikasucho ndi utoto wotchedwa bilirubin, umene umapangika maselo ofiira a magazi akatha ntchito. Chiwindi chimautola n'kuuthira mu ndulu, ndulu imatsikira m'matumbo, ndipo utotowo ndiwo umapatsa chimbudzi mtundu wake. Ukachuluka m'magazi, ndiye kuti mwina magazi akuphwanyika mofulumira, monga zimachitikira ndi malungo ndi sickle cell, mwina chiwindi chenichenicho chikudwala ndi hepatitis, mowa kapena mankhwala ena, mwinanso chiwindi chili bwinobwino koma njira ya ndulu yatsekeka.

Amene anasendapo mbuzi akudziwa kathumba kobiriwira komamatira kuchiwindi, kamene timadula mosamala kuti kasaphulike n'kuwawitsa nyama. Mwa munthu n'chimodzimodzi. Chiwindi chimapanga ndulu yokwana theka la lita kapena kuposerapo tsiku lililonse, kathumbako kamangosunga n'kumafinya munthu akadya zamafuta. Timitsempha tochokera kuchiwindi ndi kukathumba timakumana n'kupanga njira imodzi, yotalika masentimita 7 kapena 8, m'mimba mwake osapitirira mamilimita 6, ndipo imakatulukira m'matumbo aang'ono pangotsika pang'ono kuchokera m'chifu. Timiyala timapangika m'kathumba muja, ndipo anthu ambiri amakalamba nato osadziwa. Koma mwa anthu khumi amene timiyalato tayamba kuwavutitsa, mmodzi kapena awiri amakhala ndi mwala umene watsetserekera m'njira yopapatizayo.

Njira ikatsekeka utoto umabwerera m'magazi. Maso amachita chikasu, mkodzo umada bii, thupi limayabwa usiku wonse popanda zidzolo, chimbudzi chimatuwa mbuu chifukwa ndulu siikufika. Chizindikiro chomalizachi ndicho chofunika kwambiri, ndipo ndichonso chimabisika. Kumudzi chimbudzi n'chokumba, palibe amene amasuzumira m'dzenje. Komanso mwana wamwamuna angayambe bwanji kufunsa amayi ake za kuthengo? Anafunsa ndi mlongo wanga, ali awiri kuseri kwa nkhokwe, ndipo yankho limene anabwera nalo ndilo linachititsa dokotala kuika cholembera pansi n'kuyamba kugwira pamimba. Pabanja pazikhala mmodzi woti afunse funso limeneli. Maso nawo muziwayang'ana panja masana. Babu la sola ndi tochi ya foni zimanamiza, ndipo pakhungu lakuda chikasu sichionekera msanga.

2. Kupezeka ndi malungo sikutseka mlandu

Amayi anayamba ndi kupweteka pansi pa nthiti za kumanja. Kunkabwera akadya nyama ya nkhumba kapena zitumbuwa, n'kumalasa kumsana ndi paphewa, maola angapo ali gubudu pamphasa, kenaka zii kwa milungu. Pakiliniki ina anati ndi zilonda za m'mimba, nawapatsa omeprazole. Thupi litatentha anawabaya chala, mizere inatuluka iwiri, nawapatsa Coartem. Sindingaloze chala amene anachita zimenezo. Nthawi ya dzinja kuno, mwa anthu amene akhala pamzere ndi thupi lotentha, ambiri amakhaladi ndi malungo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kachipangizo koyezera malungo kangathe kuonetsa mizere iwiri milungu ingapo munthu atachira kale, ndipo munthu angathe kukhala ndi malungo ndi mwala nthawi imodzi. Mankhwala akatha koma chikasu chikunka chikula, bwererani, ndipo musangoti "sizinasinthe." Fotokozani za mkodzo, za chimbudzi, za kuyabwa, ndi pamene pamapweteka.

3. Zitatu zikakumana, musadikire kuti kuche

Kupweteka kumanja kwa mimba, chikasu, ndi kutentha thupi konjenjemeretsa mpaka mano kugundana. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anazilemba pamodzi zitatuzi mu 1877, ndipo mpaka lero ophunzira udokotala amaziloweza. Zimasonyeza kuti ndulu imene yaima kuseri kwa mwala yalowa tizilombo, ndipo mafinya alibe kotulukira koma m'magazi. Wodwala akayamba kubwebweta, manja ndi mapazi kuzizira, mkodzo kuchepa, ndiye kuti nthawi ikuwerengedwa m'maola. Okalamba ena sachita zitatu zonse. Amangosokonezeka mutu, abale n'kumati ndi ukalamba.

Mankhwala opha tizilombo a m'diripi amathandiza kwambiri, ndipo n'chifukwa chake malo oyamba kuthamangira ndi chipatala chapafupi, kaya cha boma ku Nyimba, kaya Minga, kaya Kalindawalo, kaya Nyanje. Musanyamule munthu wonjenjemera n'kumukweza basi ya ku Lusaka chifukwa mwamva kuti makina ali kumeneko. Kuchoka pa Nyimba, kutsikira Kacholola, kuwoloka Luangwa, kukwera mapiri a Manenekela, Rufunsa, Chongwe, ndi ulendo wotopetsa ndi munthu wabwinobwino yemwe. Ayambe walandira madzi ndi mankhwala, ndipo achipatala ndiwo anene nthawi ndi njira yomusamutsira. Chongofunika kudziwa n'chakuti diripi imagula nthawi basi. Thupi likazizira, mwala umakhala ukadali pomwepo.

4. Sikani ikapanda kuona mwala, sikuti mwala palibe

Apa ndi pamene mabanja ambiri amabwerera kumudzi akusangalala pachabe. Sikani ya pamimba, ija amapaka mafuta ozizira, imaona bwino kwambiri timiyala ta m'kathumba. M'njira muja ndi nkhani ina, chifukwa kumapeto kwake kumabisala kuseri kwa matumbo, ndipo mpweya wa m'matumbo umaphimba chithunzi. Wojambula wodziwa ntchito amayeza kukula kwa njirayo. Ikaposa mamilimita 6 mwa munthu amene kathumba akadali nako, amakayika kuti pansi pali chotseka, ngakhale sakuchiona. Ya amayi inali itatupa ndithu, koma mwala sunaoneke. Funsani nambala imeneyo, ndipo ilembedwe papepala. Pitaninso kokajambulitsa musanadye kanthu kwa maola asanu ndi limodzi, chifukwa mukadya kathumba kamafinyika n'kubisa zimene zili m'kati. Amayi ataimva nkhani yosadyayi anati achipatala alibe chifundo, ulendo wonsewo wopanda ndi phala lomwe.

Magazi nawo amayezedwa kuti aone bilirubin ndi zina zosonyeza mmene chiwindi chikugwirira ntchito. Pakakhalabe chikayiko pali kujambula kwina kotchedwa MRCP, kochitika ndi makina a MRI, kumene kumaonetsa njira yonse popanda kulowetsa kanthu m'thupi. Madokotala abwino sathamangira ERCP pofuna kungoona, popeza ili ndi zoopsa zake. Amaichita akatsimikiza kuti pali choti akachotse.

Chinthu china chimene chinandidabwitsa: chikasu chopweteka n'chabwinoko kusiyana ndi chikasu chosapweteka. Munthu wachikulire amene akungoyezuka maso pang'onopang'ono, akuonda, koma palibe pomupweteka, kawirikawiri chotseka njira sichikhala mwala koma chotupa. Kwathu timaweruza nthenda ndi kubuula kwa wodwala, ndipo wosabuula timamusiya azilima. Ameneyo ndiye wofunika sikani msanga.

5. Pepala lililonse lijambuleni pafoni

Kalata yotumizira, zotsatira za magazi, lipoti la sikani, mayina a mankhwala onse. Dokotala wa ku Lusaka sakudziwa zimene anaona mnzake wa ku Petauke, ndipo chimene chasowa chimabwerezedwa ndi ndalama zanu ndi masiku anu. Kukhala ndi zotsatira zakale kumamuthandizanso kuona ngati chikasu chikukwera kapena kutsika.

6. Chipatala chokhala ndi kamera ya m'mimba sikuti chimachitanso ERCP

Kusuzumira m'chifu ndi kamera si kwachilendo m'Zambia. Ku chipatala cha UTH ku Lusaka akhala akuchita zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1970. ERCP imafuna zoposa pamenepo: mpaipi wake wapadera wokhala ndi diso loyang'ana chammbali, makina a X-ray oonetsa zithunzi ntchito ili m'kati, wogonetsa odwala, timawaya ndi tizipangizo togula kunja timene tambiri timagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndiponso dokotala amene dzanja lake lazolowera. Mabungwe ena a madokotala amati wophunzira achite ntchitoyi ka 200 akuyang'aniridwa asanayambe kuyesedwa ngati angaime payekha. N'chifukwa chake simungaipeze pa chipatala cha paboma. Mupemphe dokotala amene akukutumizani kuti ayambe waimba foni kumene mukupitako, afunse ngati makina akugwira ntchito, ngati zipangizo zilipo, ndi tsiku limene amachita. Foni ya mphindi zisanu imapulumutsa mlungu wogona pakhonde.

7. Zimene zimachitika m'chipindamo

Ndikulemba mwatsatanetsatane chifukwa mantha a amayi anachepa atadziwa chimene chikubwera. Wodwala sadya kuyambira usiku. Amavula mano oikirira ngati ali nawo, amagona chafufumimba mutu utapendekera kumbali, amamuika kapulasitiki pakamwa kuti asalume chipangizo, n'kumubaya mankhwala ogonetsa. Mpaipi wakuda wofewa, wonenepa mamilimita 12 kapena cha pomwepo, umalowa pakamwa, kutsika kummero, kudutsa m'chifu, mpaka poyambira matumbo aang'ono. Kupuma sikutsekeka, mpweya uli ndi njira yake.

Pamenepo pali kachibowo kakang'ono kozunguliridwa ndi mnofu umene umatseka ndi kutsegula. Ndipo pakamwa pa njira ya ndulu. Dokotala amalowetsa kawaya koonda, n'kupopera mankhwala oonekera pa X-ray, ndipo mwala umaoneka ngati banga pakati pa njira yodzaza. Kenaka ndi kawaya kena kodutsa magetsi amacheka mnofu uja pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi, kuti khomo likule. Mwala amaukola ndi kadengu ka waya, kapena amadutsitsa kabaluni kuseri kwake, n'kukafufumitsa, n'kukoka. Mwa odwala khumi, pafupifupi asanu ndi anayi njira imayera ndi zimenezi. Mwala waukulu, woposa mamilimita 15, umafuna kuphwanyidwa kaye kapena kubwereranso tsiku lina.

Nzeru imeneyi si yakale kwenikweni. William McCune ndi anzake ku Washington ndiwo anayamba kulowetsa kachubu pa kachibowo kaja pogwiritsa ntchito mpaipi wa kamera mu 1968, chaka chimene mlatho wa Luangwa umene timawolokawu unatsegulidwa. Kucheka mnofu kunayamba mu 1974, ku Erlangen m'dziko la Germany ndi Meinhard Classen ndi Ludwig Demling, komanso ku Kyoto ku Japan ndi Keiichi Kawai, aliyense payekha. Kadenguko kali ndi dzina la Enrico Dormia wa ku Italy, amene anakapangira miyala ya m'njira ya mkodzo. Amayi anabadwa zonsezi kulibe.

Mwala sautulutsira pakamwa. Amausiya m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi. Zimenezi zinatipatsa ntchito kumudzi. Anthu anabwera kudzazonda akuyembekezera kuona chipsera ndi mwala m'kabotolo, koma panalibe chilichonse. Mayi wina wachikulire anakweza chitenje cha amayi, nayang'ana pamimba posalala, nafunsa ngati ku Lusaka tinangopita kukadya ndalama. Mukafika kumeneko pemphani chithunzi cha mwalawo, makina ake amajambula.

8. Musasaine pepala limene wodwala sanalimve

Fomu yovomereza inali m'Chingerezi, amayi amalankhula Chinsenga. Zinali zosavuta kuti ine ndiwerenge ndekha n'kuwagwira chala kuti adinde. Namwino wina sanalole, anakoka mpando nawafotokozera m'Chinyanja cha ku Lusaka, ine n'kumathandizira pamene mawu asowa. Safunsa anadya phula, ndipo funso labwino kuposa onse linachokera kwa amayi eni ake, amene sanapite patali ndi sukulu.

"Nanga mukalephera kuutulutsa, mwana wanga?"

"Ambuya, tikalephera tiika kachubu kuti ndulu izidutsa pambali pa mwala. Mudzabweranso."

Zoopsa zake n'zodziwika ndipo dokotala ayenera kuzitchula. Chachikulu ndi kutupa kwa kapamba, chiwalo chija chimapanga insulini, chifukwa njira yake imatulukira pa kachibowo komweko. Zimachitikira odwala atatu mpaka khumi mwa 100 alionse. Ambiri amachira ndi diripi patatha masiku ochepa, koma ena zimawafika poipa. Pali chotchinjiriza chotchipa: mankhwala a diclofenac kapena indomethacin, mamiligalamu 100, olowetsa kumbuyo ntchito isanayambe, kwa amene impso zawo zili bwino. Si mwano kufunsa ngati aperekedwa. Kutaya magazi pamene anacheka kumachitikira mmodzi kapena awiri mwa 100, ndipo kungayambe patatha masiku angapo, chizindikiro chake ndi chimbudzi chakuda bii chonunkha moipa. Kubooka kwa matumbo sikufika mmodzi mwa 100.

Choncho musathamangire kokwerera basi ku Intercity m'mawa mwake. Tsalani ku Lusaka masiku angapo ngakhale ndalama zikulira. Kupweteka kwa m'mimba kolasa kumsana, kusanza kosalekeza kapena kutentha thupi zikakupezani pa Luangwa, chipatala chimene chikudziwa zimene zachitika m'mimbamo chimakhala chatsala kutali.

9. Nenani zonse zimene wodwala wamwa

Aspirin, warfarin, mankhwala a shuga, ndi zitsamba zomwe. Munthu amene njira ya ndulu yatsekeka kwa milungu magazi ake sagwirana bwino, chifukwa vitamini K imafuna ndulu kuti ilowe m'thupi, ndipo achipatala amayeza zimenezi asanacheke. Amayi anali atamwa mizu imene anawapatsa mnzawo wa ku Chigwirizano, ndipo ankachita manyazi kunena. Dokotala sanakalipe, anangolemba. Chiwindi chimene chikulimbana kale ndi ndulu yobwerera si choti muziwonjezera mizu yosadziwika mlingo.

Palinso nzeru imene imayenda pa WhatsApp, yakumwa mafuta a olive ndi madzi a mandimu usiku kuti miyala ituluke. M'mawa mumaonadi timibulu tobiriwira. Mu 2005 madokotala a ku New Zealand anatiyeza timibulu totere nalemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti si miyala ayi, ndi mafuta omwewo amene agwirana m'matumbo. Choipa chake n'chakuti mafuta ochuluka amafinyitsa kathumba mwamphamvu, ndipo angakankhire mwala weniweni m'njira.

10. Kathumba nako kachoke, ndipo abale auzidwe zimenezi pachiyambi pomwe

Patatha mlungu umodzi maso a amayi anayamba kuyera, kuyabwa kunatha, nsima inayamba kulowa. Apa ndi pamene ndinakumana ndi phiri lalikulu kuposa Manenekela. Madokotala anati pakufunika opaleshoni yochotsa kathumba, chifukwa ndimo timiyala timapangika ndipo tina tinali tikadali momwemo. Malangizo a madokotala a ku Ulaya amati ichitike pasanathe milungu iwiri ERCP itachitika, popeza amene amazengereza ambiri amabwereranso ndi mwala wina, nthawi zina ali kale pamzere wodikira.

Amalume, eni mbumba, anakana. "Mlongo wanga wachira. Mukufunanso kumudula chiyani, aphwanga? Munthu wopanda ndulu munamuona kuti?"

Funso lawo linali ndi nzeru, ndipo mwana sangalipeputse. Ndinawayankha kuti ndulu siichoka, amalume, imapangidwa ndi chiwindi ndipo idzapitiriza kutsika tsiku ndi tsiku, chochoka ndi chosungira chokha. Ndinawakumbutsanso kuti njovu ndi mbidzi za ku Luangwa zimabadwa zopanda kathumbako. Anaseka, koma chimene chinawatembenuza si njovu. Anali mphunzitsi wina wopuma pantchito wa mumpingo mwawo, amene anachotsedwa kathumba zaka zambiri zapitazo ndipo amapalasabe njinga kupita kumunda. Umboni wa munthu woyenda ndi miyendo yake umaposa zonena za mwana wa kusukulu.

Opaleshoni imeneyi inayamba kalekale. Carl Langenbuch anaichita koyamba ku Berlin mu 1882, ndipo kuyambira m'ma 1980 imachitikanso poboola timabowo tating'ono ndi kamera. Siifuna ulendo wa ku Lusaka nthawi zonse. Madokotala a opaleshoni a zipatala zazikulu za kuno kum'mawa, monga St Francis ku Katete ndi Chipata Central, ndi oti mungakambirane nawo. Atachira, amayi anabwerera ku ndiwo zawo zotendera. Milungu yoyamba zamafuta zinkawatsegula m'mimba pang'ono, kenaka thupi linazolowera.

Zikanakhala zosavuta abale akanamva kuyambira tsiku loyamba kuti ntchito ndi ziwiri. Munthu akauzidwa za opaleshoni yachiwiri ataona wodwala akudya, amaganiza kuti achipatala akufuna ndalama.

11. Kumene kulibe ERCP, mpeni si chithandizo cha anthu otayika

M'wodi ndinaona mayi wina wochokera ku Sinda ali ndi kachubu kotuluka pamimba, ndulu yobiriwira ikudonthera m'thumba la pulasitiki. Iye anang'ambidwa pamimba, dokotala anatsegula njira ya ndulu, nachotsa miyala ndi kathumba nthawi imodzi, nasiya kachubu kopindika ngati chilembo cha T kuti bala la m'kati lipole. Ndi njira imene inapulumutsa anthu kwa zaka zambiri 1974 isanafike, ndipo ikugwirabe ntchito. Amagona m'chipatala nthawi yaitaliko ndipo chipsera chimakhalapo, koma zonse zimathera kumodzi. Dokotala wa opaleshoni amene muli naye pafupi akanena kuti angathe, ndipo tsiku la ERCP lili kutali, musakane chifukwa choti mwamva kuti amakono sang'amba. Choopsa kwambiri ndi kukhala miyezi njira ili yotseka.

12. Ndalama sizithera pa dokotala

Boma linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006, ndipo inshuwalansi ya NHIMA inayamba mu 2019. Zonsezi zimathandiza, koma sizigula tikiti ya basi ya anthu awiri, chakudya cha wodwazika, kapena teksi ya usiku kuchokera ku Mtendere kumene mwafikira kwa msuweni. Fufuzani musananyamuke ngati khadi la wodwala lili bwino, ndi ngati chipatala chimene mukupitako chimalandira khadilo pa ntchito imeneyi. Ife tinagulitsa mtedza nthawi isanakwane, pamtengo wa ogula oyendayenda. Wodwazikanso asakhale mmodzi. Mayi wachikulire amafuna munthu wamkazi womusambitsa, ndipo pamafunikanso wothamanga ndi mapepala amene saopa kugogoda pakhomo la ofesi.

13. Ana nawo

Miyala si ya amayi onenepa a zaka 40 okha monga amanenera mabuku. Mwana wa sickle cell angakhale ndi timiyala takuda asanathe pulaimale, chifukwa magazi ake amaphwanyika mosalekeza. Popeza maso ake amakhala achikasu kale, makolo sadabwa. Chikasu chikakula kuposa cha masiku onse, ndipo chimbudzi chatuwa, apemphereni sikani. Njoka za m'mimba nazo zimatha kukwawira m'njira ya ndulu n'kuitseka.

14. Kachubu kali ndi tsiku lake

Ichi ndachisungira kumapeto dala, chifukwa n'chimene chimapha anthu amene anali atapulumuka kale. Mwala ukakanika, kapena mafinya akachuluka, dokotala amasiya kachubu ka pulasitiki m'kati mwa njira, kotchedwa stenti. Amayi anawaika kamodzi chifukwa njira inali itatupa kwambiri. Sikaoneka kunja, sikapweteka, ndipo wodwala amamva bwino kwambiri moti amaiwala kuti kalipo. Koma m'kati mwake n'mopapatiza, ndulu imasiyamo zinyalala pang'onopang'ono, ndipo pakatha miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono kamayamba kutsekeka. Kakasiyidwa chaka kapena zaka, miyala yatsopano imamera pa iko komweko, ndipo zitatu zija za Charcot zimabweranso, mwa munthu amene tsopano ali kumudzi makilomita mazana kuchokera kumene kanaikidwa.

Palibe amene adzakuimbireni foni. Papepala lotulutsira wodwala nkhaniyi imalembedwa ndi mawu awiri atatu a Chingerezi, m'zolemba za dokotala wotopa, ndipo pepalalo limakathera pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a feteleza. Miyezi itatu ikamakwana kumakhala kuli kupalira, kapena maliro, kapena mtsinje wadzaza, ndipo wodwala mwini amati, "Ndili bwino ine, musataye ndalama." Amayi ananena mawu omwewo. Ndinawayankha kuti, "Amama, mwalawo unachoka koma chinthu cha eni ake chikadali m'mimba mwanu, tikabweze." Anavomera chifukwa sakonda kusunga katundu wa anthu.

Musanatuluke m'chipatala funsani mafunso atatu, ndipo mayankho alembedwe m'chinenero chimene apabanja amawerenga: kodi mwaika stenti, ichotsedwe liti, ndipo ichotsedwere kuti. Tsikulo lilembeni pakalendala ya kutchalitchi imene ili pakhoma, muuzenso namwino wa pakiliniki yanu kuti adziwe kuti m'dera lake muli munthu wotere. Ngati kwanu kuli wina amene anapita ku Lusaka ndi maso achikasu n'kubwerako wopanda chipsera, kafunseni lero pepala lake lotulutsira, mulitengere kwa namwino akuwerengereni.